Kalata yochokera pa Bangula: mavoti a kuno sasungidwa m'nkhokwe ya munthu

Olemekezeka Mtsogoleri wa dziko lino, atsogoleri a zipani nonse, aphungu a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndi inu mafumu athu,

Ndikulemba ndili pansi pa mtengo wa nimu pano pa Bangula, poti m'nyumba ya malata simukhalika dzuwa likafika paliwombo. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Monga aphunzitsi ambiri a m'dziko muno, nyengo ya chisankho ikakwana ndinkapeza kaganyu pamalo oponyera voti: kuyang'ana maina m'kaundula, kuviika zala za anthu mu inki, kenako kuchezera kuwerenga mavoti ndi nyali udzudzu ukutidya miyendo. Tsono za kavotedwe ka anthu a kuno sindinachite kumva pa wailesi. Mapepalawo ndinawafunyulula ndi manja angawa.

Chandilembetsa ndi mawu amene ndakhala ndikuwamva kuyambira 1994, ndipo ndinawamvanso chaka cha 2025 chisankho chitayandikira. Akuti ku Chigwa cha Shire n'kosavuta: ukangogwira munthu mmodzi wamkulu, wagwira maboma awiri. Ena amachita kunena poyera pamsonkhano kuti "mavoti a kuno ndakupatsani kale, bwana", ngati akunena matumba a mapira amene ali m'nkhokwe yawo. Inu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre mumawakhulupirira, mumawapatsa galimoto, nsalu ndi ndalama za mafuta, inu n'kubwerera kukwera mapiri a ku Thabwa dzuwa lisanalowe. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Sindikutsutsa kuti maganizo amenewa ali ndi pomwe anachokera. Anachokera kwa Mbuya, malemu a Gwanda Chakuamba. Amene simunakhaleko kuno masiku amenewo simungamvetse. Munthu uja anali nduna ya Kamuzu komanso mkulu wa apayoniya, anamangidwa mu 1980, anamugamula zaka 22, n'kutuluka mu 1993 tsitsi litayamba kuyera. Kwa Msena kapena Mmang'anja amene ankati akakwera kumtunda anzake n'kumamuseka kalankhulidwe, kuona mwana wa ku Nsanje ataima pafupi ndi Ngwazi chinali chinthu chachikulu. N'chifukwa chake mu 1994, chigawo cha kummwera chitavala chikasu, Nsanje inali mwa maboma ochepa a kummwera kumene tambala wakuda analira mokweza. Chaka cha m'mbuyo mwake, pa referendamu ya pa 14 June 1993, anthu omwewo anali atasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Tambala sanamukonde mwadzidzidzi ayi, koma wachiwiri kwa Kamuzu pa chisankhocho anali Mbuya. Mu 1999 anaima yekha pampando wa pulezidenti mogwirizana ndi AFORD ya a Chakufwa Chihana, ife pambuyo pake. Mu 2004 anachoka ku MCP n'kuyambitsa Republican Party, natsogolera Mgwirizano, ifenso tinavula nsalu ya tambala n'kumutsata.

Koma nkhaniyi mumaidula pakati. Masabata ochepa atagonja mu 2004, Mbuya anagwirizana ndi boma limene ankalitsutsa dzana lake. Mu 2005 anakhala nduna ya zaulimi, chaka chomwecho anachotsedwa, nayambitsanso chipani china. Pamenepo ambiri kuno anakhala pansi. Ulemu sanamuchotsere, ndipo atamwalira mu October 2016 chigwa chonse chinalira. Koma voti anali atasiya kale kumufunsa kuti aponye pati. Ngati Mbuya weniweniyo anatopetsa anthu ndi kusamukasamuka, nanga awa a masiku ano amene amadzitcha zimphona za kuno ali ndi chiyani choposa iye?

Anabweranso malemu a Sidik Mia a ku Ngabu, munthu wa ng'ombe zambiri ndi dzanja lotambasuka, amene anakhalapo nduna m'boma la Bingu ndi la mayi Joyce Banda. Atalowa MCP mu 2017 mphepo inasinthadi. Pa 17 October chaka chomwecho kunali chisankho chapadera kuno ku Nsanje Lalanje phungu wathu atamwalira, ndipo a Lawrence Sitolo a MCP anapambana chipani cholamula. Manyuzipepala analemba kuti chigwa chapita ku Kongeresi. Pasanathe zaka ziwiri, pa 21 May 2019, anthu omwewo, m'makalasi omwewo, anapereka mpando uja kwa mayi Gladys Ganda a DPP. Ndipo ngakhale a Mia anali wachiwiri kwa a Chakwera papepala la upulezidenti, zotsatira zimene zinalengezedwa m'maboma awiriwa zinakomera a Peter Mutharika. Chisankho cha pulezidenti chija khoti linachifafaniza pa 3 February 2020, ndikudziwa, koma pobwereza pa 23 June kuno sikunasinthe nkhope. Kenaka pa 30 March 2021, khoti litalamula kuti chisankho cha aphungu chibwerezedwe ku Nsanje Central ndi Nsanje North, mipando yonse iwiri inachoka ku DPP kupita ku MCP. Pa 16 September 2025 bokosi la pulezidenti linapendekeranso kwa a Mutharika.

Taikani zaka zimenezi pamzere umodzi, olemekezeka, muone ngati pali munthu mmodzi amene angati zonsezi anakonza ndi iye.

Ena akaona mzere womwewu amati ndiye kuti anthu a kuno ndi opanda mfundo, amangotsata kumene kwagwa mchere. Awa ndi amene amandipsetsa mtima kwambiri, ndipo ndi pano pamene ndikufuna kukhalitsa.

Kuyambira 2014 timavota patatu tsiku limodzi: pulezidenti, phungu ndi khansala. Usiku wowerenga umaona chinthu chimene wa pa wailesi saona. Anthu amene anaima pamzere umodzi, m'kalasi imodzi, bokosi loyamba apatsa chipani ichi, lachiwiri apatsa munthu woima payekha amene chipani chomwecho chinamukana pa zisankho zachipulula, lachitatu apatsa mnyamata wa chipani china amene sitinamuonepo ndi galimoto. Mamonita a zipani ankayamba phokoso, ati pali chinyengo, mavoti a bwana wathu ndi a phungu wathu asiyana bwanji chonchi. Tinkabwereza kuwerenga, n'kupeza chimodzimodzi. Gogo wosadziwa kulemba dzina lake amadziwa kusiyanitsa mapepala atatu aja kuposa momwe mumamuganizira. Ndikukumbuka mayi wina wachikulire, maso atayamba kuchita khungu, atabwera ndi mdzukulu womuthandiza. Chipani sanachitchule n'komwe. Anangoti, "Undionetse nkhope ya mwana uja anatitumizira bwato."

Bwato limenelo ndilo ndale za kuno. Mu January 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudutsa m'midzi ya ku Makhanga, anthu n'kugona m'mitengo ndi pamadenga. Mu March 2019 kunabwera namondwe Idai, pano pa Bangula panadzaza misasa. Mu January 2022 namondwe Ana anagumula damu la ku Kapichira, dziko lonse linalawa mdima, ife tinalawa matope. Mu March 2023 Freddy anamaliza zotsala. Pa masiku oterewa munthu amasunga mumtima amene anafika, amene anatumiza ufa, ndi amene foni yake inali yozimitsa. Kunja kwa madzi kuli maliro: ndani anagula bokosi, ndani anapereka galimoto yonyamula thupi kuchokera kuchipatala cha ku Blantyre. Kuli mayi woyembekezera usiku, ambulansi ilibe mafuta. Ndikudziwa bwino lomwe, ndipo ndinkaphunzitsa ana a Sitandade 8, kuti ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuyang'anira boma ndi kulankhulira anthu ake. Kugula mabokosi mulibemo m'Malamulo a dziko. Koma pamene boma silifika, anthu amalemba ntchito munthu woti azichita zimene boma likanachita, ndipo akalephera amamuchotsa pakatha zaka zisanu. Wina azitcha umbuli. Ine ndimaona anthu amene akuwerengera bwino kwambiri ndi zochepa zimene ali nazo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Papepala la pulezidenti muyeso wake ndi wina. Pamenepo munthu amayang'ana mtengo wa chimanga pamsika, mtengo wa sopo ndi mchere, mtengo umene ogula thonje anamupatsa, ndi ngati chaka chimenecho ana anadya nyika za m'dambo m'malo mwa nsima. Amakumbukiranso amene anathira phula msewu wochoka pano kukafika ku Nsanje boma, poti ife tinayendapo pa fumbi lake ndi mabampu ake, ndipo dzina la Bingu likadali ndi kulemera kuno chifukwa cha zoterezi. Chigawo nachonso chimalowamo, ndisaname. Alipo amene amati wa kummwera ndi wathu basi. Koma chikanakhala chigawo chokha, 1994 ndi 1999 sizikanachitika momwe zinachitikira.

Pali kanthu kena kamene a kampeni ochokera kumtunda amaphonya chaka ndi chaka. Amafika pano ndi mawu omwe analankhula ku Kasungu kapena ku Thyolo: feteleza wotsika mtengo, feteleza, feteleza. Anthu amawomba m'manja mwaulemu. Koma mlimi wa kudimba, amene amabzala chimanga ndi mbatata madzi akaphwa pa nthaka imene Shire wathirapo ndowe yake, feteleza si nkhawa yake yoyamba. Wa ku mphala amene amalima mapira, mchewere ndi chitowe pa makande akufuna mvula kapena ngalande. Wa ng'ombe akufuna dibi, katemera wa chigodola ndi apolisi othana ndi akuba ziweto. Boma lina linazindikirako pang'ono pamene linayamba kupereka mbuzi m'malo mwa feteleza kwa alimi ena a maboma awiriwa. Chimenecho chinali chizindikiro choti wina kumeneko anamvetsera, ngakhale kamodzi.

Ndipo pali mawu amodzi amene ndikupempha muwaphunzire musanabwerenso. Msena akalandira kanthu amati "takhuta". Pa Chisena ndiye kuti zikomo. Mlendo wa Chichewa akamva amayesa tikunena za m'mimba. Ndakhala ndikuganiza kuti mwina kusamvana konse kwa ife ndi inu kunayambira pamenepa: mumabwera ndi kathumba ka ufa ka makilogalamu asanu, amayi avina utse, mfumu iti takhuta, inu n'kukalemba mu lipoti kuti ku chigwa anthu akhuta.

Tsopano ndinene zimene zili pamaso pathu tsiku ndi tsiku, zimene voti ya pano imaziyang'ana.

Pa 23 October 2010 ku Nsanje kunali chikondwerero chotsegulira doko. Kunabwera a Robert Mugabe a ku Zimbabwe ndi a Rupiah Banda a ku Zambia. Chombo chimene chinkayembekezeka kufika tsiku limenelo chinagwidwa ku Mozambique, chifukwa boma la kumeneko linkafuna kafukufuku ayambe wachitika. Anthu anagula mapuloti, ena anamanga malo ogona alendo poyembekezera mzinda. Lero pa simenti paja pamaima mabwato a asodzi ndi a anthu owoloka. Sindikunena izi monyoza malemu Bingu, amene anayambitsa dokoli. Loto linali labwino, ndipo ife tinalikhulupirira ndi mtima wonse. Koma kuchokera tsiku limenelo munthu wa kuno akamva mawu oti "mwala wa maziko" amayamba wayang'ana kumbali.

Pafupi ndi pamene ndakhalapa pali malo owolokera otchedwa Mtayamoyo. Dzinalo silinaperekedwe mwamasewera. Madzi atadula njanji ndi msewu wa ku Chiromo mu 1997, tsidya lino ndi tsidya lija zinasiyana. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho pano ali ndi ana ake asukulu, ndipo sanaonepo sitima ikuwoloka kupita ku Makhanga, Sankhulani mpaka ku Limbe. Wofuna kupita kwa Mlolo kapena ku Muona akwere bwato, njinga yake pamutu pa bwatolo, ng'ona ndi mvuu zili pomwepo. Akaopa madzi azungulire ndi galimoto: Ngabu, Nchalo, mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, Thabwa, n'kutsikanso ndi msewu wa tsidya la kum'mawa umene wakhala ukulonjezedwa phula ndi boma lililonse. Ulendo wa tsiku lathunthu kukafika pamalo pamene ukuona utsi wake uli pakhomo pako. Ndi anthu a boma limodzi, DC wawo ndi mmodzi. Mwa onse amene anaimapo pa nsanja pano pa Bangula, sindikukumbuka ndi mmodzi yemwe amene sanatchule mlatho woti umangidwe pa Mtayamoyo.

Zabwino sindizibisa. Mu 2024 sitima inafika pa Marka kuchokera ku Mozambique patatha zaka zambirimbiri, ndipo okalamba amene ankakwera sitima ya ku Beira anagwetsa misozi. Koma njanjiyo inayenera kufika pano pa Bangula, ndipo ife tikuyang'anabe kummwera. Ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, imene akuti idzathirira mahekitala opitirira 40,000 mpaka kufika kuno, ikukumbidwa ndithu, ndinaiona ndi maso ndikupita ku Chikwawa. Inayamba ndi boma lina, inapitirira ndi lina, tsopano ili m'manja mwa linanso. Pempho langa ndi loti pasapezeke woiona ngati mwana wopeza. Ndipo madziwo akadzafika, adzafike kwa mwini munda. Ife tinakula tikuona nzimbe za ku Nchalo zili biriwiri chaka chonse kuseri kwa waya, kunja kwa wayako mapira akupserera. Alimi a ku Kasinthula ndi ku Phata anaonetsa kuti wamba akaphatikiza minda n'kupatsidwa madzi amatha. Mapepala a malo akhale omveka, m'chilankhulo chimene gogo angamve, asanadinde chala.

Nafenso tili ndi zathu, ndipo kalata yonena za ena okha ndi miseche. Ndalama za pamsonkhano timalandira. Nsalu timalandira za zipani zonse, moti pali nyumba zina pano zimene makatani ake ndi a buluu, chofunda cha mwana ndi chofiira ndi chobiriwira, chopetera mapira ndi chachikasu. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti, koma woyamba kukwiya woimira akabwera chimanjamanja ndi ife tomwe. Anyamata athu a kabaza amalembedwa ganyu yokagwetsa mbendera za anzawo pa mtengo wa chakumwa cha m'mapulasitiki, mawa lake n'kukumana pamaliro ngati palibe chinachitika. Zimenezi zimatichotsera ulemu. Chokhacho ndinganene n'chakuti nsalu ija simalowa nawo m'kachipinda kovotera. Ndinaonapo woimira wina amene anagawa kwambiri kuposa onse akulira ngati mwana pa bwalo la sukulu m'bandakucha, akufunsa kuti nanga anthu onse ankavina aja apita kuti.

Kwa inu mafumu athu ndilankhula mogwada, poti ndinu eni nthaka. Chigwa chino chili ndi mipando yakale kuposa zipani zonse: Lundu, Tengani, Malemia, Mlolo, Mbenje, Ngabu, Chapananga ndi ena. Ku Khulubvi anthu ankapita kukapempha mvula kwa Mbona kusanabwere ngakhale mzungu woyamba. Mpando wotere ukaimirira pa nsanja n'kunena kuti anthu anga onse ali pambuyo pa uje, umadzichepetsa wokha, chifukwa tsiku lowerenga limadzaonetsa kuti si zoona. Ndipo pa kalembera wa olandira chimanga cha chithandizo, njala isafunsidwe mtundu wa nsalu. Chaka china mlongo wanga, wamasiye wolera adzukulu anayi, dzina lake linasowa pamndandanda sabata imene mwana wake anaoneka pamsonkhano wa chipani china. Amene anachita zimenezo sindimutchula, akudzidziwa. Mlongo wangayo sanasinthe voti chifukwa cha zimenezo. Anangoumitsa mtima, ndi ana ake onse.

Kwa oyendetsa zisankho ndi olembetsa nzika, kumbukirani kuti kuno madzi amatenga ndi zitupa zomwe. Munthu wothawa usiku madzi ali m'chiuno amanyamula mwana, sanyamula chikwama cha mapepala. Enanso anasamutsidwa kuchoka kumadambo kupita kumtunda, dzina lili ku sukulu imene pano ndi mchenga wokhawokha. Mipando ya aphungu inachuluka kuchoka pa 193 kufika pa 229, malire a madera anasintha, ndipo si onse anauzidwa bwino kuti tsopano ali kuti. Kalembera wa kuno azibwera msanga, azibweranso kachiwiri, ndipo kwa Nyachikadza azipita ndi bwato.

Aphungu athu, za kusamuka zipani ndinene pang'ono. Mukachoka kumene tinakusankhirani mumati mwatsata zofuna za anthu, kapena mukuti mukufuna kugwira ntchito ndi boma kuti chitukuko chibwere. Ndi liti munatiitana pansi pa mtengo kutifunsa? Ndipo ngati n'zoona kuti mjigo ndi chipatala zimabwera pokhapokha phungu ali mbali ya boma, ndiye Olemekezeka Mtsogoleri wa dziko, mlanduwo ndi wanu, chifukwa msonkho wa pa sopo ndi pa mayunitsi a foni timapereka tonse, ovotera inu ndi okukanani. Ndalama za chitukuko cha dera la phungu (CDF) zilembedwe pa bolodi pa ofesi ya komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC), kuti zabwera zingati, zagula chiyani, kontilakita ndi ndani. Pano pali aphunzitsi opuma ambiri amene tilibe chochita masana, tidzaziwerenga ndi kuwerengera anzathu.

Popeza malamulo tsopano amafuna kuti wopambana upulezidenti apitirire theka la mavoti onse, ndikudziwa kuti 2030 ikamayandikira mudzatsikanso mapiri aja ndi mdipiti wa galimoto, ndipo padzapezekanso wina wokuuzani kuti chigwa chili m'thumba mwake. Mudzabwera mu July kapena August, kunja kukuzizirirako, misewu ili youma, Shire ali phee ngati mwana wogona. Ine ndikukuitanani mwezi wina. Bwerani mu February, opanda nsanja, opanda zimkuzamawu, opanda munthu wokutanthauzirani zimene tikuganiza. Galimoto mudzaisiye pa Bangula. Ndidzakuperekezani wapansi mpaka pa Mtayamoyo, tidzakwere bwato limodzi ndi amayi opita kusikelo ndi ana opita kusukulu. Ndalama ya bwato ndidzalipira ine, ya penshoni.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Bangula, Nsanje.